Refugee ndi migrant: mawu awiri a Chingerezi amene amagamula za mlendo pachipata

M'mwezi wa Meyi 2023 apolisi anayamba kusonkhanitsa anthu ochokera ku Rwanda, Burundi ndi Congo amene ankakhala ndi kuchita malonda m'matauni, makamaka mu Lilongwe, n'kuwatengera ku kampu ya Dzaleka m'boma la Dowa. Amene ankatsatira nkhaniyi m'Chingerezi anakumana ndi mayina osiyanasiyana a anthu omwewo: apa refugees, apo asylum seekers, pena illegal immigrants. Miyezi ingapo m'mbuyomo, mu Okutobala 2022, m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba munapezeka manda a anthu pafupifupi 30 amene ankaganiziridwa kuti ndi a ku Ethiopia, ndipo pa nkhani imeneyo pafupifupi aliyense analemba kuti migrants. Onsewa ndi alendo. Onsewa anasiya kwawo movutikira. Nanga bwanji wina akutchedwa refugee pomwe mnzake ndi migrant?

Alipo mawu a Chingerezi amene ukawasokoneza umangotaya malikisi pamayeso, basi. Awiri awa ndi ena. Liwu limodzi limakakamiza boma kuti limusunge munthu, linalo limalipatsa boma ufulu womukweza basi n'kumubweza kwawo. Ndipo ife olankhula Chichewa tili ndi vuto lathulathu, chifukwa mawu amene timamasulira nawo awiriwa sagwera ndendende pamene Chingerezicho chagwera.

## Refugee: anathawa, ndipo sangabwerere

Liwuli Angerezi anachita kubwereka ku Chifalansa. M'chaka cha 1685 mfumu Louis XIV ya ku France inafafaniza lamulo limene linkalola Akhristu a Chipulotesitanti, otchedwa Huguenots, kupembedza mwa njira yawo. Matchalitchi awo anagwetsedwa, abusa awo anapirikitsidwa, ndipo anthu miyandamiyanda anathawira ku England, Netherlands, Prussia ndi Switzerland. Kagulu kena kanafika mpaka ku Cape cha m'ma 1688, ndipo dera la Franschhoek mpaka lero dzina lake limakumbutsa za iwo. M'chinenero chawo ankatchedwa ndi liwu lotanthauza munthu amene wapeza pobisala, ndipo m'kamwa mwa Angerezi linasanduka refugee. Ndi mphwake wa refuge, kutanthauza pothawira, ngati khonde limene umausapo mvula. Chofunika kuchisunga apa n'chakuti anthu oyamba kutchedwa dzinali sanathawe nkhondo ayi. Anathawa boma lawo lomwe, chifukwa cha chipembedzo.

Kwa zaka zambiri linali liwu wamba, lopanda mphamvu ya lamulo. Zinthu zinayamba kusintha itatha nkhondo yoyamba ya padziko lonse, pamene bungwe la League of Nations mu 1921 linasankha Fridtjof Nansen wa ku Norway kuti aziyang'anira anthu othawa ku Russia. Ambiri a iwo boma latsopano la kwawo linali litawalanda unzika, moti analibe pepala lililonse loyendera. Mu 1922 anayamba kupatsidwa chiphaso chapadera chimene anthu anachitcha pasipoti ya Nansen. Itatha nkhondo yachiwiri, bungwe la United Nations linakhazikitsa UNHCR, nthambi yake yoona za othawa kwawo, mu Disembala 1950, ndipo pa 28 Julayi 1951 mumzinda wa Geneva mayiko anavomereza pangano limene mpaka pano ndilo limanena kuti refugee ndi ndani.

Tanthauzo lake laima pa mafuwa atatu. Loyamba, munthuyo akhale kunja kwa dziko lake, atadutsa malire. Lachiwiri, akhale ndi mantha okhala ndi maziko enieni akuti akabwerera akazunzidwa, ndipo kuzunzidwako kukhale pa chimodzi mwa zifukwa zisanu: mtundu wake, chipembedzo chake, dziko limene iye ndi nzika yake, gulu la anthu limene iye ali m'gululo, kapena maganizo ake pa ndale. Lachitatu, boma la kwawo likhale loti silingathe kapena silikufuna kumuteteza, mwina chifukwa lomuzunzalo ndi bomalo. Fuwa limodzi likachoka, mphika sukhazikika.

Chimene chimapatsa liwuli kulemera ndi ndime 33 ya panganoli, imene imaletsa boma kubweza refugee kumalo kumene moyo wake kapena ufulu wake uli pachiswe. Ndime 31 imawonjezera kuti munthu wotere asalangidwe chifukwa cholowa m'dziko wopanda zikalata, bola abwere kuchokera kumene kuli chiopsezocho, adzionetsere kwa akuluakulu a boma mosazengereza, ndipo afotokoze chifukwa chomveka. Nzeru yake ndi yosavuta. Nyumba ya mnansi wako ikamayaka moto usiku, iye n'kulumpha mpanda kugwera m'bwalo mwako, sumufunsa chifukwa chimene sanaodire pakhomo. Ndiponso sumukankhira m'motomo. Mawa kukacha mukhoza kukambirana kuti agona kuti, adya chiyani, akhala mpaka liti, koma zomubweza m'nyumba yoyakayo palibe.

Pali anthu amene panganoli limawakana chitetezo ngakhale atathawadi: amene pali zifukwa zamphamvu zokhulupirira kuti anapalamula milandu ya pankhondo, milandu yochitira nkhanza mtundu wa anthu, kapena milandu ina ikuluikulu yosakhudza ndale asanafike. Wothawa apolisi chifukwa anaba kapena anapha si refugee.

Pangano la 1951 linali lopanikiza. Linkangonena za anthu othawa zinthu zimene zinachitika isanafike 1 Januwale 1951, ndipo mayiko anali ndi ufulu wonena kuti iwo akuwerengera za ku Ulaya zokha. Malire amenewa anachotsedwa ndi pangano lowonjezera la 1967. Kenaka mu 1969 mayiko a mu Africa, kudzera m'bungwe la OAU ku Addis Ababa, anaona kuti tanthauzo la ku Geneva silikukwanira zimene zinkachitika kuno, kumene midzi yathunthu inkathawa nkhondo zomenyera ufulu ndi nkhondo zapachiweniweni. Mayi wothawa mudzi wotenthedwa sangathe kusonyeza kuti asilikali ankafuna iyeyo ndi dzina lake. Choncho pangano la OAU linawonjezera kuti refugee ndi munthunso amene wakakamizika kuchoka chifukwa dziko lake laukiridwa kapena kulandidwa ndi adani akunja, likulamulidwa ndi alendo, kapena muli zochitika zimene zasokoneza kwambiri bata. Zotsatira zake n'zakuti munthu mmodzimodziyo akhoza kuvomerezedwa mosavuta ku Uganda kapena ku Malawi, koma n'kukavutika kutsimikizira nkhani yake ku Ulaya.

## Pamene Chichewa chathu chimatiphonyetsa

Kawirikawiri timati "othawa nkhondo". Sizodabwitsa, chifukwa ambiri a ife liwu loti refugee tinalidziwira pa anthu a ku Mozambique. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika poipa chapakati pa zaka za m'ma 1980, anthu anakhamukira m'dziko muno kudzera ku Nsanje, Chikwawa, Mulanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi madera ena a m'malire, mpaka chiwerengero chawo chinapitirira 1 miliyoni, pa nthawi imene Amalawi onse anali pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Ambiri, makamaka ku Dedza ndi Ntcheu kumene msewu waukulu ndiwo malire, sanakhale m'makampu koma m'midzi, pakati pa abale awo olankhula chinenero chimodzi. Ndi m'nyengo imeneyi pamene Malawi analowa m'pangano la Geneva mu 1987, n'kukhazikitsa lamulo lake la othawa kwawo mu 1989. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ochuluka anabwerera m'zaka zotsatira.

Koma "othawa nkhondo" amasiya kunja gulu lalikulu la anthu amene liwu loti refugee linapangidwira. Chitsanzo tili nacho pakhomo pomwe pano. Malawi sanakhalepo pa nkhondo yapachiweniweni yonga ya ku Mozambique, komabe anatulutsa ma refugee. Nduna zitasemphana ndi Dr Kamuzu Banda mu 1964, anthu monga Kanyama Chiume ndi Orton Chirwa anathawira ku Tanzania, ndipo otsatira awo ambiri anabalalikira kumeneko ndi ku Zambia. A Mboni za Yehova, chipembedzo chawo chitaletsedwa mu 1967 ndipo nkhanza zitakula mu 1972 chifukwa chokana kugula makadi a chipani, anathawa m'zikwizikwi kupita ku Sinda Misale ku Zambia, ena ku Mozambique. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Oyambawo anathawa chifukwa cha ndale, achiwiriwo chifukwa cha chipembedzo, ndipo magulu onse awiri akukwanira ndendende m'tanthauzo la 1951 popanda kutchula nkhondo.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti "othawa kwawo" ndi kumasulira kwabwinopo, ngakhale nakonso kuli ndi mpata wake: mnyamata wothawa ngongole kumudzi wathawanso kwawo. Ndipo dzina loti "Maburundi", limene m'matauni limapatsidwa kwa mwini golosale aliyense wochokera kudera la nyanja zikuluzikulu, silisiyanitsa dziko limene munthu anachokera, ngakhalenso mapepala amene ali nawo.

M'Chingerezi liwuli limayenda motere. Amati a refugee from Congo, kutchula kumene munthu anathawa. Limakhalanso kutsogolo kwa dzina lina, monga refugee camp ndi refugee status. Mawu amakwera kumapeto kwa liwu, pa "jii". Mneni wake wamba palibe: sanena kuti munthu refugeed, koma kuti he fled kapena she sought refuge.

## Migrant: wosamuka, pa chifukwa china chilichonse

Migrant ndi liwu lochokera ku Chilatini, ku mneni migrare, kusamuka kuchoka malo ena kupita ena. Ndi liwu lotakasuka kwambiri, moti Angerezi amaligwiritsanso ntchito pa mbalame: anamzeze amene amachoka ku Ulaya kukayamba kuzizira n'kudzafika kuno nthawi ya dzinja amati migrants. Silinena chifukwa cha ulendo, silinena ngati munthuyo ali ndi zikalata kapena alibe, silinena ngati adzabwerera.

Kusiyana kwakukulu ndi refugee kuli apa: palibe pangano la mayiko onse limene limamanga tanthauzo limodzi la migrant. Bungwe la IOM, limene linayamba mu 1951 ndipo limaona za anthu osamuka, limanena poyera kuti ili ndi liwu lophimba magulu ambiri, ndipo limawerengeramo ngakhale amene wasamuka m'dziko lake lomwe. Owerengera anthu ku United Nations amatenga munthu amene akukhala m'dziko lina losakhala limene anabadwira, ndipo mu 2020 anapeza kuti anthu otere analipo pafupifupi 281 miliyoni padziko lonse. Namwino wa ku Malawi amene akugwira ntchito ku Manchester ndi migrant. Mnyamata wa ku Mangochi wogulitsa m'shopu ku Johannesburg ndi migrant. Achinyamata oposa 200 amene anakwera ndege mu Novembala 2023 kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel ndi migrant workers.

Ngati refugee ndi wothawa nyumba yoyaka, migrant tingamuyerekeze ndi munthu wopita kokasuma. Nkhokwe yatha, ana akulira njala, bambo anyamula thumba kupita kumudzi kumene anakolola. Ulendowo si wamasewera, ndipo kunena kuti wachita kufuna n'kumulakwira pang'ono, pakuti njala nayo imapirikitsa. Koma akaganiza zobwerera, palibe amene akumudikira ndi mfuti pakhomo. Amfumu ake akadali amfumu ake. Imeneyi ndiyo mfundo imene malamulo amagwira: migrant akabwerera boma la kwawo limamulandira monga nzika, refugee akabwerera boma la kwawo kapena anthu amene bomalo lalephera kuwaletsa ndiwo chiopsezo.

Pa mbali imeneyi Amalawi mbiri yathu ndi yaitali. Agogo athu anayenda wapansi kupita ku Halale, kuminda ya fodya ndi kumigodi ya Southern Rhodesia, ena ku Copperbelt, ena ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown ku Botswana n'kupha anthu oposa 70, ambiri a iwo Amalawi obwerera kumudzi, ndipo Dr Banda anaimitsa kulemba anthu ntchito. Kunayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Teba, n'kudzatha mu 1988 pa mkangano wa zoyeza HIV. Chinenero chathu chinasunga mbiri yonseyi m'mawu: wa ku Theba, wa ku Joni, ndi mtchona, uja anapita osatumiza kalata, osabwerera. Chodabwitsa n'chakuti pa mawu onsewa palibe limodzi lofanana ndendende ndi migrant. Athuwa amatchula kumene munthu anapita kapena mmene anasowera, pamene la Chingerezilo limangoti akuyenda. Omasulira nkhani amakakamizika kunena mozungulira: anthu osamukira kumayiko ena, anthu okasaka ntchito kunja, kapena olowa m'dziko popanda chilolezo, ndipo kumasulira kulikonse kwawonjezerapo kanthu kamene m'Chingerezimo munalibe.

Migrant ali ndi abale awiri amene amasokoneza ophunzira. Emigrant ndi wotuluka, immigrant ndi wolowa, ndipo ndi munthu mmodzi yemweyo, kungoti zimatengera mbali ya malire imene wolankhulayo waima. Mlongo wanu akasamukira ku Ireland, kwa inu ndi emigrant, kwa anthu a ku Dublin ndi immigrant. Immigrant amamveka ngati wadzakhazikika, migrant amamveka ngati akadali panjira kapena amapita n'kumabwerera. Palinso expatriate, mwachidule expat, limene kawirikawiri limapatsidwa kwa anthu a ntchito zapamwamba ochokera kumayiko olemera. Ambiri akhala akufunsa chifukwa chimene mzungu wogwira ntchito ku Lilongwe amatchedwa expat pomwe dokotala wa ku Malawi ku London amatchedwa immigrant, ndipo funsolo n'lomveka, popeza m'malamulo mulibe mzere wowasiyanitsa.

Kukhala migrant sikutanthauza kukhala wopanda ufulu. Ufulu wachibadwidwe wa munthu aliyense umamutsatira kulikonse, ndipo mu 1990 United Nations inavomereza pangano loteteza ogwira ntchito kunja ndi mabanja awo, ngakhale mayiko olemera amene amalandira antchito ambiri sanalowemo. Chimene migrant kawirikawiri alibe ndi ufulu wokana kubwezedwa. Boma lililonse limasankha amene lingamulole kulowa, kwa nthawi yotani, kudzachita chiyani.

## Wapakati: asylum seeker

Pakati pa awiriwa pali munthu amene wagogoda koma sanayankhidwe. Asylum seeker ndi amene wapempha kuti atetezedwe monga refugee, ndipo pempho lake likuunikidwa. Akavomerezedwa amapatsidwa refugee status. Akakanidwa, apilo n'kukanikanso, amagwera pansi pa malamulo wamba oona za olowa ndi otuluka m'dziko, ndipo akhoza kubwezedwa.

Pali mfundo ina yobisika apa imene UNHCR imaitsindika. Chikalata si chimene chimamusandutsa munthu refugee. Iye amakhala refugee kuyambira tsiku limene zomuchitikira zakwanira tanthauzo lija, ndipo boma limangotsimikizira. Zili ngati malungo: munthu sayamba kudwala pamene zotsatira za magazi zatuluka, anali akudwala kale ali pamzere. N'chifukwa chake lamulo loletsa kubweza limagwiranso ntchito pa amene akudikira yankho. Anthu akabwera ochuluka nthawi imodzi, monga zinalili ndi a ku Mozambique, boma likhoza kuwavomereza onse monga gulu osafunsa mmodzimmodzi.

Ku Dzaleka kuli magulu onse awiri, ovomerezedwa ndi odikira. Malowa anali ndende ya akaidi a ndale m'nthawi ya chipani chimodzi, ndipo anasandutsidwa kampu mu 1994, chaka cha kuphana kwa ku Rwanda. Anakonzedwera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma tsopano kuli oposa 50,000, ambiri ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda. Polowa m'pangano la Geneva, Malawi ananeneratu kuti ndime zina, monga za ufulu wokhala paliponse ndi wolembedwa ntchito, sadzazitsata mokwanira. Pamenepa ndi pamene panagona mkangano wa 2023. Boma linkati likungotsata lamulo lakuti othawa kwawo azikhala kukampu, ndipo linkatchula za chitetezo cha dziko ndi madandaulo a amalonda a m'dziko muno. UNHCR ndi mabungwe omenyera ufulu ankati kampuyo ndi yodzaza kale, chakudya n'chosakwanira, ndipo anthu amene ankadzidalira akusandutsidwa opempha. Mbali zonse ziwiri zinkavomereza kuti ambiri mwa anthuwo ndi refugees kapena asylum seekers. Kusiyana kunali pa zimene dzinalo limamuloleza munthu kuchita.

## Chaka chimene atolankhani anakangana pa liwu

Mu 2015 anthu oposa 1 miliyoni anawoloka nyanja ya Mediterranean kulowa ku Ulaya, pafupifupi theka la iwo ochokera ku Syria. Nyumba zambiri zoulutsa mawu zinkati migrant crisis. Mu Ogasiti chaka chomwecho Al Jazeera inalengeza kuti isiya kugwiritsa ntchito migrant pa nkhaniyi, ponena kuti liwuli lasanduka chida chochotsera anthu umunthu, ndipo kuti ochuluka mwa owolokawo akuthawa nkhondo. BBC inapitiriza kunena migrant, n'kumafotokoza kuti ikutanthauza onse amene ali paulendo ndipo pempho lawo silinagamulidwe, othawa nkhondo ndi osaka ntchito omwe. UNHCR inapempha kuti anthu azinena refugees and migrants, mawu onse awiri, posonyeza kuti m'bwato limodzi mumakhala magulu onse.

Pansi pa mkanganowu pali kusiyana kwenikweni kwa maganizo, kumene akatswiri sanagwirizanebe. Ena amati migrant ndi dengu lalikulu, ndipo refugee ndi mtundu umodzi wa zimene zili m'dengumo: refugee aliyense ndi migrant, koma si migrant aliyense ali refugee. Umu ndi mmene owerengera anthu amachitira, ndipo mu 281 miliyoni muja othawa kwawo alimo. Ena, motsogozedwa ndi UNHCR, amati awa ndi madengu awiri osiyana, ndipo kuwasakaniza kumafooketsa chitetezo cha othawa, chifukwa anthu amayamba kuganiza kuti onse anachita kusankha kubwera. Oyambawo amayankha kuti kulekanitsa kotereku kumapanga alendo oyenera chisoni ndi alendo osayenera, ngati kuti wothawa umphawi akhoza kumira m'nyanja popanda wodandaula. Mu Disembala 2018 mayiko anavomereza mapangano awiri osiyana, lina la osamuka ku Marrakech, lina la othawa kwawo ku New York, zimene zikusonyeza kuti pa ndale za mayiko maganizo a madengu awiri ndiwo anatsogola.

Mawu okhala kutsogolo kwa migrant nawo amanyamula katundu. Economic migrant poyamba linkangofotokoza wosamuka chifukwa cha chuma, koma m'kamwa mwa andale ambiri limatanthauza kuti munthuyo akunama kuti akuthawa. Illegal immigrant bungwe la atolankhani la Associated Press linasiya kuligwiritsa ntchito mu 2013, ponena kuti chosemphana ndi lamulo ndi mchitidwe, osati munthu. Mabungwe a United Nations amakonda irregular kapena undocumented, kutanthauza wolowa mosatsata njira yovomerezeka kapena wopanda zikalata. Otsutsa amati uku n'kuzembetsa chilungamo, popeza kulowa m'dziko mozemba ndi mlandu ndithu. Wowerenga akaona liwu limene wolemba wasankha pa atatuwa, nthawi zambiri amadziwiratu kumene wolembayo waima.

## Othawa osadutsa malire

Namondwe wa Freddy atagwetsa mapiri ndi nyumba ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi maboma ena a kummwera mu Malichi 2023, anthu oposa theka la miliyoni anasowa pokhala ndipo ambiri anakagona m'masukulu ndi m'matchalitchi. M'Chichewa tinati ali m'misasa, monga timanenera za ku Dzaleka. M'Chingerezi cha malamulo iwo si refugees, chifukwa sanatuluke m'dziko ndipo boma lawo ndilo lili ndi udindo wowasamalira. Amatchedwa internally displaced persons. Africa ili ndi pangano lakelake la anthu otere, limene linavomerezedwa ku Kampala mu 2009. Ku America nkhani yomweyi inabuka mu 2005 namondwe wa Katrina atamiza New Orleans: atolankhani ena atalemba refugees, atsogoleri a anthu akuda anakwiya, nati nzika za dziko sizingatchedwe othawa m'dziko lawo lomwe, ndipo ambiri anasintha n'kumati evacuees, kutanthauza anthu osamutsidwa pamalo a ngozi.

## Zimene sizinayankhidwe

Funso lovuta kwambiri ndi la munthu amene zifukwa zake zalukanalukana. Mnyamata wa ku Ethiopia wopezeka m'thanki ya lole pa Karonga akulowera ku South Africa akhoza kukhala kuti akuthawa nkhondo ya m'dera lake, akusakanso ntchito, ndipo anabwereka ndalama zolipira omuzembetsa. Iye ndi uti? Ngati wadutsa Kenya ndi Tanzania osapempha chitetezo, kodi zikutanthauza kuti sakuthawa, kapena akungofuna kukafika kumene kuli abale ake? Makhothi a mayiko osiyanasiyana amayankha mosiyana. Chuma cha Zimbabwe chitagwa cha m'ma 2008, pa nthawi yomwe kunalinso ziwawa za chisankho, anthu zikwi mazanamazana anapempha chitetezo ku South Africa. Boma la kumeneko linapeza njira yapakati, zilolezo zapadera za anthu a ku Zimbabwe, zosawatcha refugees koma zowalola kukhala ndi kugwira ntchito, ndipo tsogolo la zilolezozo lakhala likukokedwa m'makhothi mpaka zaka zaposachedwapa.

Lina ndi la nyengo. Liwu loti climate refugee lafala m'nyuzipepala, koma m'pangano la 1951 mulibe chilala kapena madzi osefukira. Ioane Teitiota wa ku zilumba za Kiribati anapempha chitetezo ku New Zealand ponena kuti nyanja ikumeza dziko lake, ndipo anakanidwa. Mu Januwale 2020 komiti ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inagwirizana ndi New Zealand pa mlandu wakewo, komabe inanena kuti m'tsogolo kubweza munthu kumalo amene kusintha kwa nyengo kwaika moyo pachiswe kukhoza kukhala kuphwanya ufulu wake. Kuno kwathu funso likhoza kukhala lakuti: banja la kutsidya kwa Shire kapena Ruo likawolokera ku Nsanje chifukwa mudzi wakokoloka, kodi mawu a OAU aja onena za zochitika zosokoneza kwambiri bata akulikhudza? Akatswiri ena amati inde, maboma ambiri sanavomereze. Ndipo alipo amene amaopa kuti pangano la 1951 likatsegulidwa kuti liwonjezeredwe, mayiko ena adzapezerapo mpata wolichepetsa.

Palinso funso la amene ali ndi mphamvu yopereka dzinali. Mu Meyi 2025 boma la America linalandira gulu loyamba la azungu a Chiafrikaner ochokera ku South Africa monga refugees, ponena kuti akusalidwa chifukwa cha mtundu wawo. Boma la South Africa linakana kwamtuwagalu kuti anthuwo akuzunzidwa, nati sakukwanira tanthauzo la liwulo. Palibe bwalo limodzi la padziko lonse limene limagamula tsiku ndi tsiku mikangano yotere. Dziko lililonse limaunika lokha, ndipo ndale za dzikolo zimalowererapo.

Ndiye pali nkhani ya nthawi. Mawu awiri onsewa amanena za ulendo, koma amamatirira pa anthu amene sanayendepo. Ku Zimbabwe zidzukulu za Amalawi amene anapita kuminda ndi kumigodi zinatchedwa aliens, kutanthauza alendo, kwa zaka zambiri, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri opanda dziko, mpaka malamulo oyendetsera dziko a 2013 anatsegula njira ya unzika kwa obadwira komweko amene makolo awo anachokera m'mayiko a SADC, n'kuikanso Chichewa pa zinenero 16 zovomerezeka. Ku Dzaleka kuli anthu amene anabadwira pakampu pomwepo m'zaka za m'ma 1990, lero ali ndi ana awo, amalankhula Chichewa ngati wina aliyense wa ku Dowa, ndipo Bukavu kapena Bujumbura amangomva m'nkhani za makolo. Pa mapepala iwo ndi refugees. Njira zimene UNHCR imazitchula ndi zitatu: kubwerera kwawo mwa kufuna kwawo, kutengedwa ndi dziko lachitatu, kapena kukhazikika m'dziko limene akukhala. Yoyamba imadikira mtendere kummawa kwa Congo, yachiwiri imafikira ochepa kwambiri, ndipo yachitatu ikudikira zimene Amalawi ndi Nyumba ya Malamulo adzagwirizane pa zokonzanso lamulo la 1989.